WOBWERERA KWAO ASAYESEDWE WOPHUNZIRA PA MSEU

Kale, m'masiku a Wenela, munthu wocokera ku Joni kapena ku Halale anali kufika pamudzi ndi sutikesi ya citsulo, mabulangeti awiri, ndipo ngati anali wosunga bwino ndalama, anali kukankhanso njinga yatsopano. Boma la Zambia linaletsa Wenela kulemba anthu nchito m'dziko muno mu 1966, koma ulendo wokafuna moyo kunja sunathere pomwepo. Lero ana a m'midzi ya ku Petauke, Katete, Chadiza, Chipata ndi Lundazi ali ku South Africa, ku Botswana, ku Namibia, ku Britain ndi kumaiko ena akutali, kumene agwira nchito za unamwino, uphunzitsi, umakaniko ndi kuyendetsa malole. Tsiku lobwerera kwao likafika, m'malo mwa njinga amabwera ndi galimoto, kapena ndi ndalama zoti agulire galimoto akafika. Koma galimoto ili ndi katundu amene njinga inalibe, ndiye inshuwalansi, ndipo pa nkhani imeneyi obwerera ambiri amakhumudwa asanafike n'komwe pakhomo pa amai ao.

Nkhani imeneyi ikhudza mudzi wonse, pakuti galimoto ya munthu wobwera kuulendo sikhala yace yekha. Ndiyo imathamangira ku cipatala ca St Francis ku Katete usiku pamene mai wapakati abvutika, ndiyo imatenga feteleza kudepoti, ndiyonso imanyamula anamfedwa tsiku la maliro. Galimoto yotere ikaima cifukwa mwini wace walephera kulipira inshuwalansi, mudzi wonse ubwerera kungolo. Ikayenda popanda inshuwalansi n'kugunda mwana wa sukulu, banja la mwanayo silidzapeza womulipirira cipatala, ndipo mwini galimoto adzagulitsa zonse zimene anasonkhanitsa m'zaka zace za kunja.

Lamulo la m'dziko muno pa nkhani iyi n'lomveka. Road Traffic Act ya 2002, imenenso inakhazikitsa bungwe la RTSA, ikuti galimoto iri yonse yoyenda pa mseu wa anthu onse iyenera kukhala ndi inshuwalansi ya third party. Inshuwalansi imeneyi imalipira munthu wina amene wabvulazidwa kapena banja la amene waphedwa, ndipo makampani amaphatikizapo katundu wa munthu wina amene waonongeka. Galimoto ya mwini wace siikonzedwa ndi pepala limeneli ai. Ofuna kuti galimoto yao nayonso ikonzedwe ikagundidwa, ikapsa kapena ikabedwa amagula inshuwalansi ya comprehensive, imene mtengo wace uli pamwamba kwambiri. Lamuloli lili ndi cifukwa cace. Malipoti a apolisi aonetsa kuti m'caka ciri conse ca 2021, 2022 ndi 2023 munacitika ngozi za pa mseu zoposa 30,000, ndipo anthu oposa 2,000 anataya miyoyo yao caka ndi caka.

Oyamba kusokonezeka ndi awo ocokera ku South Africa. Kumeneko munthu wobvulala pa ngozi ya pa mseu amalipidwa ndi thumba la boma lochedwa Road Accident Fund, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1996, ndipo ndalama zace zimacokera ku msonkho woikidwa pa lita iri yonse ya petulo ndi dizilo. Motero woyendetsa galimoto wa ku Joni amalipira mbali yace pothira mafuta, ndipo lamulo silimkakamiza kugula pepala lina. Ku Botswana ndi ku Namibia kulinso matumba ofanana ndi limeneli. Munthu amene wakhala zaka 10 kapena 15 m'maiko amenewo angathe kuyendetsa galimoto nthawi yonseyo osalowapo mu ofesi ya inshuwalansi. Akaoloka Zambezi pa Chirundu kapena pa mlatho wa Kazungula, umene unatsegulidwa mu 2021, amapeza kuti mafuta a m'thanki samcinjiriza pa kanthu kali konse, ndipo ayenera kugula inshuwalansi ya kuno. Coipa cina n'cakuti alibe mbiri yolembedwa yoonetsa kuti anali woyendetsa wosamala, popeza palibe kampani imene inamsungapo m'mabuku ace.

Ocokera ku Britain ali ndi dandaulo losiyana. Kumeneko inshuwalansi ya galimoto yakhala yokakamiza kuyambira mu 1930, ndipo mtengo umatsata kwambiri munthu woyendetsa: zaka zace, kumene akhala, ndi utali wa nthawi imene wayenda osapempha malipiro a ngozi. Caka ciri conse cimene catha popanda ngozi cimamcepetsera mtengo wa caka cotsatira, ndipo pakatha zaka zisanu kapena kuposerapo kucotserako kumakhala kwakukuru. Kucotsera kumeneku ndiko amati no claims discount. Namwino amene wayendetsa galimoto zaka 12 ku Manchester osakanda ngakhale khoma amafika ku Lusaka ali ndi cikhulupiriro cakuti mbiri yace idzamlankhulira. Nthawi zambiri amapeza kuti kuilandira kapena kuikana mbiriyo kuli m'manja mwa kampani iri yonse payokha, mwinanso m'manja mwa kalaliki amene wampeza pa tebulo tsiku limenelo. Ikakanidwa, iye amayambira pansi pamodzi ndi mnyamata amene watenga laisensi mwezi watha.

Kuti cinthuci cioneke bwino, nayi masamu a citsanzo cabe. Galimoto ikhale ya mtengo wa K200,000, ndipo kampani ilipiritse K5 pa K100 iri yonse ya mtengowo. Inshuwalansi ya comprehensive idzakhala K10,000 pa caka, msonkho usanaikidwepo. Kampaniyo itabvomera mbiri ya kunja n'kucotsako gawo limodzi mwa magawo asanu, mwini galimoto adzalipira K8,000. Kusiyana kwace ndi K2,000, ndalama zokwanira kulipirira alimi asanu copereka ca K400 cimene alimi akhala akupereka kwa zaka zingapo kuti alandire mbeu ndi feteleza za FISP. Kwa munthu amene wasiya malipiro a mapaundi kapena marandi, ndipo ayembekeza kukolola koyamba pakatha miyezi isanu ndi umodzi, ndalama zotere si zocepa, makamaka popeza zimabwerezedwa caka ndi caka.

Komabe coonadi ciyenera kunenedwa mbali zonse ziwiri. Si kukwera konse kwa mtengo kumene kuli kukondera. M'dziko muno mtengo wa comprehensive umatsata kwambiri mtengo wa galimoto yeniyeniyo, ndipo magalimoto pamodzi ndi zitsulo zace amagulidwa kunja ndi madola. Kuciyambi kwa 2013, pamene Kwacha inacotsedwa maziro atatu, dola imodzi inali kugulidwa ndi ndalama zopitirira pang'ono K5. Mu 2024 dola yomweyo inapitirira K25. Nyali ya kutsogolo kapena galasi limene linali kugulidwa madola 100 linakwera motero kucokera pa K500 ndi pang'ono kufika pa K2,500 ndi kuposerapo, ngakhale wogulitsa wa ku Japan sanaonjezepo kanthu. Kampani imene idzakonza galimotoyo iyenera kuwerengera zimenezi. Pamwamba pace pali msonkho wa Boma pa inshuwalansi, umene unayamba mu 2016 pa K3 pa K100 iri yonse ndipo pambuyo pace unakwezedwa. Munthu amene anacoka kuno mitengo iri pansi, ndipo akumbukira zimene anali kulipira kale, adzadabwa ndithu, koma kudabwa kwace sikutsimikiza kuti wabedwa.

Ndiponso miseu imene galimotoyo ibwera kudzayendamo siifanana ndi imene yacokera. Mseu waukuru wa Kum'mawa, wocokera ku Lusaka kufika ku Chipata, uli ndi makilomita oposa 550, ndipo ali yense amene anatsikapo mapiri a Manenekela kulinga ku mlatho wa Luangwa adziwa mmene malole amatayira mabuleki pamenepo. Kupitirira Nyimba, ng'ombe ndi mbuzi zimaoloka phula nthawi iri yonse, ngolo zimayenda madzulo zopanda conyezimira, ndipo m'dzinja miseu ya m'midzi imathyola masipuling'i. Kampani ya inshuwalansi ikanena kuti zaka za ku Manchester sizinamphunzitse munthu kupewa ngolo mumdima, inena zoona ndithu. Cimene iiwala n'cakuti kusamala ndi khalidwe la munthu. Amene sanaledzere pa ciwongolero kwa zaka 12, amene sathamanga mopitirira muyeso, amene amapimitsa matayala ace, sataya makhalidwe amenewo pa cipata ca dziko. Mbiri yace ingacepetsedweko mphamvu, koma kuiyesa ngati palibe n'kulakwa.

Pali msampha wina umene umagwira makamaka obwera ndi galimoto yaoyao. Malamulo a kasitomu amalola munthu wobwerera kudzakhazikika kwao kulowetsa katundu wa m'nyumba ndi galimoto popanda msonkho wonse, ngati wakwaniritsa zimene a ZRA afuna. Ici n'cinthu cabwino. Koma ena, pofuna kucepetsa inshuwalansi, amalembetsa galimotoyo pa mtengo umene anaigulira kunja, osawerengera ndalama zoinyamulira ndi msonkho umene akhululukidwa. Tsiku limene galimoto yaphwanyika kotheratu, kampani siilipira koposa mtengo wolembedwa pa pepala, ndipo mwini wace amapeza kuti ndalamazo sizikwanira kugula ina yofanana nayo pa msika wa kuno, kumene magalimoto onse ali ndi msonkho m'kati mwa mtengo wao. Mapangano ena amanenanso kuti wolembetsa mtengo wocepa adzalipidwa mocepa ngakhale pa ngozi yaing'ono. Anapulumutsa makwacha ocepa pa caka, nataya zikwi zambiri tsiku limodzi.

Msampha wacitatu uli pamudzi penipeni, ndipo pano abale a wobwerayo ayenera kumvetsa. Inshuwalansi ya galimoto ya panyumba imagulitsidwa pa pangano lakuti galimotoyo siidzanyamula anthu kapena katundu molipiritsa. Ndalama za kuulendo zikayamba kutha, mwini galimoto amayesedwa kuti aziima pa siteshoni ya Katete kapena ya Sinda n'kumatenga anthu opita kumidzi, kapena kunyamula matumba a cimanga ndi nshawa za anzace pa mtengo. Ikacita ngozi iri pa nchito yotere, kampani iri ndi cifukwa cokanira kulipira, pakuti pangano lathyoledwa. Cimodzimodzinso pamene makiyi apatsidwa kwa mphwace wopanda laisensi cifukwa malume acita manyazi kukana. Amene afuna kucita malonda ndi galimoto anene poyera kwa kampani ndi kwa RTSA, alipire mtengo woyenera nchitoyo. Ndipo acibale aleke kuyesa munthu wokana kubwereketsa galimoto ngati wodzikuza amene waiwala kwao. Iye acinjiriza cinthu cimene cithandiza iwo omwe.

Pa zipata za dziko palinso anyamata ogulitsa mapepala a inshuwalansi pa mtengo wokoma, ndipo munthu wotopa ndi ulendo wa masiku atatu amagula msanga kuti apitirire. Ena mwa mapepalawo ndi abodza. Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere: pepala lotere limaoneka bwino pa galasi, mwinanso limadutsa pa malo ena oimitsira magalimoto, koma tsiku la ngozi palibe ofesi imene imalidziwa. Makampani ndi mabroka obvomerezeka ali m'kaundula wa Pensions and Insurance Authority, bungwe la Boma loyang'anira malonda amenewa, ndipo wogula ali ndi ufulu wofunsa ciphaso ca womgulitsa ndi kulandira lisiti ya kampani. Ocokera ku Zimbabwe, Malawi kapena Tanzania angalowe ndi Yellow Card ya COMESA, imene yakhala ikugwira nchito kuyambira mu 1987, koma khadi imeneyi ndi ya galimoto ya mlendo wodutsa. Galimoto ikalembetsedwa nambala ya Zambia iyenera kukhala ndi inshuwalansi ya kuno.

Tsono wobwerera kwao acite ciani? Nchito yace iyambe asanakwere ndeke kapena kulongedza katundu. Apemphe kampani yace ya kunja kalata yosindikizidwa bwino, yonena dzina lace, nambala ya pangano, zaka zimene wakhala nayo, ndi kuti sanapemphepo malipiro a ngozi. Kalata yotere imapezeka mosabvuta munthu akali komweko, koma kuilondola ali ku Chadiza ndi nchito yowawa. Adziwenso kuti makampani ambiri a ku Britain amaiyesa mbiri imeneyi yakufa pakatha zaka ziwiri munthu alibe inshuwalansi, cotero kuzengereza kumaononga. Amene anali kuyendetsa galimoto ya kunchito apemphe kalata kwa omlemba nchito. Wocokera ku South Africa ndi galimoto asaiwale cikalata ca apolisi cotsimikiza kuti siyobedwa. Akafika, apite ku RTSA kukakonza za laisensi yace, popeza inshuwalansi siigwira nchito bwino m'manja mwa munthu amene laisensi yace iri yokayikitsa.

Pambuyo pace asagule pa khomo loyamba. Akuluakulu a m'midzi akumbukira nthawi imene kunali kampani imodzi yokha, Zambia State Insurance Corporation, imene inakhazikitsidwa mu 1968 ndipo inagwira malonda onse a inshuwalansi yokha kwa zaka pafupifupi 20, kufikira kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990 pamene Boma linatsegula msika. Masiku amenewo kunalibe kwina kopita. Lero makampani ndi ambiri, ndipo amapikisana. Munthu afunse mitengo kwa atatu kapena anai, aonetse kalata yace kwa ali yense, ndipo afunse mafunso awa: kodi mbiri ya kunja icotsetsa ndalama zingati? Kodi pa ngozi iri yonse mwini galimoto adzayamba walipira zingati za m'thumba mwace kampani isanalipire, zimene amati excess? Kodi malire a malipiro kwa munthu wobvulazidwa ndi otani? Funso lomalizali n'lofunika koposa, pakuti malire a third party wamba ndi ocepa poyerekeza ndi mtengo wa galimoto yatsopano kapena wa cipatala, ndipo cotsala cimagwera mwini galimoto. Kuonjezera malirewo kawirikawiri sikudya ndalama zambiri. Safunsa anadya phula.

Koma katundu yense asasenzedwe wobwerayo yekha. Dziko la Zambia lakhala likuitana ana ace a kunja kuti abwere kudzamanga kwao. Kusintha kwa malamulo akuru a dziko kwa mu 2016 kunalola munthu kukhala nzika ya maiko awiri, ndipo mu 2019 Boma linatulutsa ndondomeko yace yokhudza nzika zokhala kunja. Zimenezi ndi mizati yaikuru, koma munthu amaweruza kulandiridwa kwace pa zinthu zazing'ono: pa tebulo la kasitomu, pa mzere wa RTSA, ndi pa mtengo umene kalaliki wa inshuwalansi wamlembera. Dziko silingaitane munthu ndi dzanja limodzi n'kumlipiritsa ngati mlendo wosadziwika ndi dzanja linalo.

Maiko ena anakumana nalo bvuto lomweli ndipo analipezera njira. Dziko la Ireland, limene ana ace ambiri anapita kukagwira nchito ku Australia, ku Canada ndi ku Britain, linamva madandaulo a obwerera amene anali kulipiritsidwa inshuwalansi ya galimoto yokwera kwambiri cifukwa zaka zao za kunja sizinali kuwerengedwa. Mu 2017 unduna wa za cuma wa dzikolo unagwirizana ndi bungwe la makampani a inshuwalansi kuti mbiri ya kuyendetsa bwino kunja iziganiziridwa ngati munthu wabweretsa umboni wotsimikizika. Pangano limenelo silinathetse madandaulo onse, koma linapatsa wobwerera poimira pokambirana ndi kampani. Panalibe ndalama za boma zimene zinaonongeka. Panafunika cabe kukhala pansi ndi kulemba mfundo.

Cotero Pensions and Insurance Authority, imene inapatsidwa mphamvu zatsopano ndi Insurance Act ya 2021, ikhale pansi ndi Insurers Association of Zambia ndi kulemba mfundo zocepa zomveka kwa munthu wamba. Mfundozo zinene mtundu wa kalata imene idzalandiridwa, utali wa nthawi imene kalatayo ikhala ndi mphamvu, ndi njira imene kampani idzatsimikizira kuti siyopeka, popeza masiku ano kufunsa ofesi ya ku London kapena ku Johannesburg ndi nchito ya tsiku limodzi pa intaneti. Kampani ikakana mbiri ya munthu, ipereke cifukwa cace molemba, kuti iye akhale ndi copita naco kukadandaula. Palibe amene apempha kuti obwera kunja alipire mocepa koposa anzao amene anakhala kuno. Cofunika n'cakuti woyendetsa wosamala ayesedwe ndi muyeso umodzi, kaya kusamala kwace anakuonetsera ku Kitwe kapena ku Gaborone.

Maofesi a akazembe a Zambia ku Pretoria, ku Gaborone, ku Windhoek ndi ku London nawonso ali ndi mbali yao. Munthu wobwera kudzafunsa za kubwerera kwao apatsidwe pepala limodzi lonena zonse zimene ayenera kutenga, kalata ya inshuwalansi iri pakati pace. Makampani, mbali yao, atsegule maso ku Cigawo ca Kum'mawa. Munthu wa ku Chama kapena ku Vubwi sayenera kuwononga tsiku lathunthu ndi ndalama za basi kuti akangomva mtengo, ndipo mapangano olembedwa m'Cingerezi ca maloya ayenera kumasuliridwa m'Cinyanja comveka, makamaka ndime zonena nthawi imene kampani idzakana kulipira. Mafumu ndi manduna, amene amaweruza milandu ya ng'ombe zogundidwa ndi minda yopondedwa, angathandize pokumbutsa eni magalimoto a m'midzi yao kuti ngozi iri yonse inenedwe msanga kupolisi ndi kukampani, cifukwa kucedwa kumataitsa malipiro.

Mwambi uti kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Ana a dziko lino adzapitiriza kubwerera, ena ndi cuma, ena ndi galimoto imodzi yokha imene iri phindu lonse la zaka zao za kuulendo. Wobwerayo abwere ndi makalata ace, anene zoona za mtengo wa galimoto ndi nchito imene idzagwira, ndipo asayende tsiku ngakhale limodzi popanda inshuwalansi yeniyeni. Makampani ndi owayang'anira alembe mfundo zowerengera zaka zace za kusamala, ndipo azilembe msanga, pakuti mwezi uli wonse pa Chirundu, pa Kazungula, pa Nakonde ndi pa Mwami pakudutsa ena amene adzalipira mtengo wa wophunzira cikhalirecho ali akatswiri.